Paipi Yoyenda Kunja kwa Khoma

3 Febuluwale

Dontho, mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kuntchito kwako. Ine kuno kunja ndilipo, kungoti kuzizira kukuluma mpaka m'mafupa, ndipo ntchito ya m'nyumba yosungira okalamba ino ikunditha msana. Masana ndisambitse agogo a eni ake, ndikaweruka ndiwerenge za mayeso a unesi a kumapeto kwa Juni.

Nkhani ndi iyi. Ndikufuna uike sinki m'bafa mwa Amayi. Akhala akuwerama pandowa posukusula zaka makumi atatu, zakwana. Zogulira zipangizo ndatumiza kale. M'kalata muno muli chithunzi chomwe ndadula m'magazini, uchiyang'anitsitse. Ukuonapo paipi? Palibe. Mpopi ukungotuluka ngati wamera pomwepo. Ndikufuna zimenezo. Useme khoma, ulowetse mapaipi mkati, umate pulasitala, uike matailosi oyera. Zotsala zibisike kuseri kwa mwendo wa sinki. Ndisaone kachitsulo kakulendewera ngati matumbo a nkhuku.

Ndimakudziwa iwe. Dzina la Dontho sitinangokupatsa, uli mwana inkadontha ndi mphuno, ndiye ndimaopa kuti masiku ano ikudontha ndi mipopi. Kwa anthu ndimamva kuti ndiwe pulambala woyamikika. Kwa mayi ako usakagwire ija ya bola madzi akutuluka. Ukamaliza unditumizire chithunzi.

Nanga Amayiwo ali bwanji? Kalata yawo ya mwezi watha inali mizere isanu yokha. Kodi ndinawalakwira? Undiuze.

Ine mlongo wako wamkulu.


19 Febuluwale

Mzime wanga,

Ndadzuka bwino. Mwendo ndi womwewu, ukukoka koma ukuyenda.

Ndalemba chifukwa Lamlungu unathawira kubasi tisanamalize kukangana, ndipo ine sindisiya mkangano panjira. Zoti undikhomere chogwirira m'bafa, chonga chija tinaona kuchipatala, iwalako. Choyamba, ine si nkhalamba. Chachiwiri, mlongo wako akufuna chithunzi. Iye uja amasambitsa okalamba tsiku ndi tsiku. Akangoona chogwiriracho adziwa kuti sitiroko inandipeza mu Disembala, ndipo mawa lake akwera ndege. Waiwala? Bambo ako atadwala, mlongo wakoyo anasiya sukulu ya unesi kutatsala miyezi iwiri, nakhala zaka zinayi akuchapa zofunda. Lero imvi zayamba, ndi uyo akulembanso mayeso omwewo. Ndimuphere kachiwiri? Ayi. Unalumbira pamaso panga kuti sumuuza mpaka Juni atatha, ndipo ine ndinabala mwana wamwamuna, osati bango.

Usadzandiuzenso zondipezera mtsikana woti azindisambitsa. Thupi ili lasambitsidwa ndi manja awa kuyambira ndili ndi zaka zisanu. Tsiku lomwe munthu wina adzandipake sopo kumsana, mudzangoyamba kuitana anthu okumba manda.

Sindikubisa, kuchoka pachitseko cha bafa kukafika pomwe pakhale sinkipo ndimaponda kasanu ndi kamodzi, ndipo pansi pakanyowa mtima umandigunda. Koma manthawo ndi anga. Iwe ndiwe mmisiri, ganiza zaumisiri.

Ine mayi ako.


27 Febuluwale

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kawiri konse ndapsa mtima. Ndinu ouma mutu, ndikunena mwaulemu. Chilonda cha pachigongono chija munati ndi chitseko, koma chitseko sichikanda munthu kunsi kwa mkono. Munagwa.

Mwati ndiganize zaumisiri, ndaganiza. Chogwirira mwakana, koma paipi ya madzi simungaikane. Madzi amalowa m'bafamo pafupi ndi chitseko. M'malo mosema khoma, nditenga paipi yachitsulo yonenepa, yodzaza dzanja, ndiiyendetse kunja kwa khoma pamsinkhu wa m'chiuno mwanu, kuchoka pachitseko, kudutsa posambira, mpaka pasinki. Ndiimanga ndi mabawuti aatali olowa m'njerwa, ndipo ndisiya mpata kuseri kwake kuti zala zizilowa. Madzi aziyenda mkati, inu muziyenda mutaigwira. Woona chithunzi azingoti pulambala wake ndi mbuli.

Achemwali andinyoza, ndikudziwa. Kunyozedwa sikuthyola fupa.

Ndibwera Loweruka. Musalowe m'bafa pansi pali ponyowa.

Ine mwana wanu.


10 Marichi

Achemwali,

Moni wambiri. Kuno tonse tili bwino. Amayi ali bwino, akuti akupatsani moni ndipo muziwerenga.

Sinki ndaika, madzi akutuluka bwino, palibe podontha. Chithunzi ndi ichi. Paipi sindinailowetse m'khoma. Pali chifukwa chake chaumisiri, ndidzakufotokozerani mukadzabwera. Pakadali pano ndikupempha kuti ikhale momwemo.

Mawa akutitumiza kutali, kukaika mapaipi panyumba yosanja yomwe ikumangidwa. Tikakhalako mpaka Meyi osapuma. Makalata muzilemba ku keyala yomweyi, azitipititsira.

Ine mlongo wanu.


29 Marichi

Dontho,

Moni ndikupatsa chifukwa tinayamwa bere limodzi, apo ayi sindikanakupatsa.

Chimenechi n'chiyani? Ndikufunsa, chimenechi n'chiyani? Envulopu yako ndinaitsegula pa nthawi ya tiyi, anzanga atandizungulira, chifukwa ndakhala ndikuwauza kuti mlongo wanga ndi katswiri. Mmodzi anayang'ana nafunsa ngati Amayi amasamba m'chigayo. Anaseka mpaka kutsamwa. Ine kungomwetulira.

Chipaipi chonenepa ngati mkono wa munthu, kuzungulira makoma awiri, mabawuti ali tong'o! Kampopi kosukusulira nkhope kakufuna paipi yothirira munda? Ndinakupempha kanthu kamodzi kokha, kuti ubise mapaipi. Iwe wachita kuwaonetsa ngati pali mpikisano. Kenaka ukuti chifukwa chaumisiri. Usandiphimbe m'maso ine. Chifukwa chake ndi ulesi. Kusema khoma kumafuna thukuta, ndiye unatola paipi yotsala kuntchito kwanu n'kukaikhoma kwa mayi ako, poti iwowo sadandaula.

Ukudziwa chomwe chikundiwawa? Kuno ndimalowa m'mabafa oyera ngati mbale, kusambitsa amayi a anthu ena, mtima uli kwa anga. Ndimati kamodzi kokha nawonso akhale ndi chinthu chokongola, osati chogwira ntchito chabe. Moyo wawo wonse akhala ndi zinthu zongogwira ntchito. Iwe wandilanda ngakhale kameneko.

Ndawalembera a Chipewa, omwe anakuphunzitsa ntchito, kuti akachotse nyansizo, aseme khoma ndi kuika matailosi. Mwina anakuphunzitsa theka. Usavutike kuyankha ngati ulibe chanzeru chonena.

Mlongo wako.


14 Epulo

Achemwali,

Moni. Chanzeru ndili nacho, ndipo muchimva, ngakhale ndikuphwanya lumbiro.

Amayi anagwidwa sitiroko mu Disembala. Mwendo wakumanzere umakoka, ndipo agwa kale kawiri, kumene ndikudziwa ine. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni mpaka mutalemba mayeso. Chogwirira anakana poopa kuti mudzachizindikira pachithunzi. Chipaipi mukuchiseka ndi anzanu pa tiyicho ndiye chogwirira chawo. Tengani chithunzicho muonenso. Ndani amaika paipi ya madzi pamsinkhu wa m'chiuno? Ndani amasiya mpata wa zala kuseri? Inu amene mumagwiritsa nkhalamba zitsulo zotere m'mawa uliwonse, simunaone? Munaona manyazi anu okha. Safunsa anadya phula, Achemwali. Mukanangofunsa kuti Dontho, bwanji?

Mwati ndine waulesi. Mabowo khumi ndi awiri ndinaboola ndi tchizulo pamanja, kenaka ndinalendewera papaipiyo ine mwini, thupi lonseli, kuti ndione ngati ingazuke. Amayi anaseka koyamba chichokereni kuchipatala. Tsopano amalowa okha, amasamba okha, amatuluka okha.

Kuno sandilola kuchoka. A Chipewa ndawalembera kuti asakhudze kanthu, koma mukuwadziwa, mawu a mwana yemwe anamuphunzitsa kugwira sipanala amalowa khutu ili n'kutulukira linali. Amvera inu. Mukangowerenga izi, imbani lamya kusitolo ya pakona, muwaletse. Ndipo musakwere ndege. Mukabwera, Amayi andidya wamoyo.

Ine mlongo wanu, mbuli ija.


24 Epulo

Mzime wanga,

Ndili bwino. Usakwiye, kapena kwiya, koma uwerenge mpaka pansi.

A Chipewa anabwera Lolemba, chipewa chawo chili pamutu mpaka m'nyumba mwanga, makalata awiri m'manja, ya mlongo wako ndi yako. Anapeza amayi awiri oyandikana nafe tikucheza pakhonde. Pamaso pawo pomwepo akuti, "Mayi, mwana wanu akuti mumayenda chogwira paipi ngati khanda lophunzira kuyenda. N'zoona?"

Ukanakhala iwe ukanayankha chiyani? Munthu uja pakamwa pake ndi mpopi wakutha labala, ndipo anali atanena kale kuti akamaliza alembera mlongo wako zonse. Ndinaimirira osagwira kanthu, ndinawayang'ana m'maso, ndinati, "Ine? Mwanayo akungobisa ulesi wake."

Ndinakunamizira, mwana wanga. Mawuwo anatuluka okha, ndipo mpaka lero akundiwawa.

Analowa m'bafa, nayamba kuseka. Akuti zaka makumi anayi ali pantchito sanaonepo zotere, akuti ukawauze anthu kuti unaphunzira kwina. Koma pozula anatuluka thukuta! Mabawuti ako anakana, mpaka anachita kudula ndi sowo, akutukwana. Ndinali kuchipinda, ndikumva, ndipo mumtima ndinkati limba, chitsulo cha mwana wanga.

Masiku atatu fumbi lili koboo. Tsopano khoma ndi loyera, losalala, mpopi ukungotuluka ngati wamera. N'zokongola, sindinama. Dzanja likapita pakhoma limangotsetsereka. Paipi yako ndawauza aisiye kuseri kwa nyumba.

Usathamange. Ndikumalowa ndi mpando, ndikumaukankha kutsogolo. Kwangotsala miyezi iwiri.

Ine mayi ako.


4 Meyi

Achemwali,

Moni ndilibe.

Amayi ali m'chipatala. Fupa la m'chiuno lathyoka. Anagwa Lachinayi m'mawa m'bafa lanu lokongola lija. Mpando womwe ankaukankha unatsetsereka, anaponya dzanja pomwe panali paipi, napeza matailosi. Anagona pansi kuyambira dzuwa likutuluka mpaka masana, mpopi ukuthira, osavala. Sanakuwe. Mukudziwa chifukwa chake? Ankachita manyazi kuti anthu awapeza choncho. Mayi woyandikana nawo ndi amene anaona madzi akutuluka pansi pa chitseko cha kukhitchini.

Kalata ya Amayi yondiuza kuti a Chipewa adula paipi inandipeza Lachitatu. Ndinakangana ndi kapitawo, ndinagula mabawuti ena, ndinati Loweruka ndikabwezeretsa. Ndinachedwa ndi masiku awiri.

Ndinakulemberani zoona zonse pa 14 Epulo. Ndinakupemphani kuti muimbe lamya. Wasitolo akuti simunaimbe. Ine ndaimba kwanuko katatu, ikungolira. Ndiye kuti munawerenga n'kuona kuti matailosi aposa mwendo wa mayi anu? Kapena kalata ya mbuli simutsegula?

Ndakwiyira inu, ndakwiyira a Chipewa, ndakwiyira Amayi, ndipo ndikadziyang'ana pagalasi la pamwamba pa sinki yanuyo ndimafuna kuliswa. Ndikanakana kulumbira tsiku loyamba lomwe lija.

A Chipewa anabwera kuchipatala, chipewa chili m'manja. Aka n'koyamba kuona dazi lawo. Ndinawafulatira.

Dontho.


9 Meyi

Dontho, mlongo wanga,

Moni, ngakhale iwe wandimana wako. Mwezi wathunthu uli chete! Wafufuma eti? Fufuma, ukaphwa undilembere.

A Chipewa anditumizira chithunzi. Eee, koma ndiye ntchito! Khoma loyera, mpopi wokha, palibe kachitsulo koonekera. Ndachiika pagalasi, ndikamawerenga ndimachiyang'ana, mtima n'kukhala pansi. Waona kuti zimatheka? Upite ukaone, kuphunzira sikutha. A Chipewa akuti unawalembera zoti Amayi amagwira paipi poyenda, Amayi n'kukutsutsa pamaso pa anthu. Dontho, mpaka kunamizira mayi ako matenda pofuna kuteteza ntchito yoipa? Chita manyazi.

Ndinaiwala kukuuza, ndinangouza a Chipewa okha, ndinasamuka pakati pa Epulo. Ndapeza kachipinda pafupi ndi sukulu kuti ndisamataye nthawi m'basi. Keyala yatsopano ili kuseri. Kunyumba yakale ndidzapitako ndikapeza mpata, mwina kuli makalata.

Uwauze Amayi kuti ndikufuna chithunzi chawo ataima pasinkipo, akumwetulira.

Mlongo wako amene amakukondabe.


21 Meyi

Dontho,

Ndapita kunyumba yakale lero. Makalata ako awiri anali pawindo la m'khonde, pansi pa mapepala a malonda. Ndawerenga ya pa 14 Epulo nditaimirira. Ya pa 4 Meyi ndawerenga nditakhala pamasitepe, ndipo sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji.

Kalata yanga ya pa 9 uiwotche. Ngati waiwerenga kale, ndilibe pobisala.

Ndatulutsa chithunzi chako chija. Mayo ine, Dontho. Msinkhu wake ndi womwewo umene timaikira kuno. Mpata wa zala ulipo. Pafupi ndi sinki unaikhotetsa kuti ikwere pang'ono, kuti munthu adzikoke poimirira. Ngakhale a kuno saganiza zimenezo. Chinthu chimene ndimachigwira kakhumi patsiku ndinachiyang'ana n'kuona chigayo. Ndikhululukire. Ndiwe mmisiri, mbuli ndine.

Koma nanenso ndakwiya, ndipo undimve. Munandiyesa mwana? Inu awiri munakhala pansi n'kugamula kuti ine ndisadziwe kuti mayi anga akukoka mwendo. Miyezi isanu ndikulandira "tonse tili bwino". Mukanandiuza, mwina ndikanalira sabata imodzi, n'kukutumizira miyeso ya zogwirira zitatu. Munandibisira, ine n'kulamula zinthu ngati wakhungu, ndipo lero ndine mwana amene anathyola mayi ake chiuno. Dzina limenelo ndidzalivula liti?

Mayeso ndawasiya. Ndege yomwe ndapeza ndi ya pa 20 Juni, mayeso ndi pa 24, ndipo sindisamala. Uwauze Amayi.

Ine mlongo wako.


5 Juni

Chisamba wanga,

Moni. Ndikulemba chogona, ndiye zilembo zikapendama usanyoze. Kalatayi ndapatsira mwana wa mayi wa bedi loyandikana nane, akukwera ndege mawa, kuti isakagonenso pawindo la eni.

Mlongo wako wandiwerengera kalata yako, ndipo ndamulanda kuti ndiwerenge ndekha, chifukwa amadumpha mizere. Tsono tamvera. Chiuno ichi sunathyole iwe. A Chipewa anandifunsa pamaso pa anthu, ine ndi pakamwa pangapa ndinati bodza. Ndinanyozetsa mwana wanga kuti ndioneke wamphamvu kwa amayi awiri a pakhonde, omwewonso ndi amene anadzandinyamula ndili mbulanda. Ngati ukufuna wokwiyira, ndili pano, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Zokubisira ndinalakwa. Sindinazolowere kunena mawu amenewa, ndiye usandiuze kuti ndibwereze.

Matailosi ako ndi okongola, mwana wanga. Ndinawaona bwino, ndinali ndi nthawi. Palibe ndi limodzi lomwe lopendama.

Dontho waboola matailosiwo wabwezeretsa paipi yake, ija inali kuseri kwa nyumba. A Chipewa ndi amene ankamugwirira. Akuti awonjezera ina posambira. Ndamuuza kuti asaipake utoto woyera, aisiye ioneke. Adokotala akuti mwina ndidzaigwiranso, mwina ayi. Akamati mwina, amayang'ana pawindo.

Tsopano za ndege yakozo. Ukatsika pano pa 20 wopanda pepala la unesi, usadzalowe m'chipinda chino. Ndikunenetsa. Ndakoka mwendo miyezi isanu ndili chete, ndagona pasimenti yonyowa theka la tsiku, zonsezo kuti iwe ukhale pampando wa mayeso pa 24. Ukufuna chiuno changa chithyoke chabe? Bambo ako anakudyera mayeso oyamba, sanachitire dala. Ine sindidya achiwiri.

Ndinkati tsiku lomwe munthu adzandipake sopo kumsana mudzaitane okumba manda. Wakwana mwezi tsopano akundisambitsa. Kamabwera kanesi kakang'ono, manja ozizira, kamanditembenuza ngati thumba kakucheza ndi mnzake za nsapato. Ndimatseka maso. Sindinafe, koma m'mawa uliwonse ndimalira pang'ono, ndipo Dontho asadziwe.

Ngati kwanga kwatsala n'kusambitsidwa, andisambitse nesi wanga, wa pepala lake. Sintha tikitiyo. Lemba mayeso, ukatero ubwere. Sopo ndagula kale.

Ine mayi ako.